Ndani Anakuwa Kuti Tayani

Mtolo wa zitsulo unali ukadali pomwe unagwera pamene Sajeni Phoebe Khoromana wa polisi ya Chiradzulu ankafika pamwamba pa kaphiri ka Namikate, kufupi ndi Mikolongwe. Zinali zitsulo zazitali khumi ndi ziwiri zomangidwa pamodzi, zoti zikhale miyendo ya nsanja yonyamula nthambo za magetsi. Antchito anali atautukula mbali imodzi ndi majeke kuti atulutse mnzawo. Mtembo unali utapita kale ku chipatala, koma nsapato imodzi inatsalira pansi pa zitsulozo, ndipo panalibe amene anafuna kuitola.

Womwalirayo anali Rafaeli Muhiwa, bambo wa ana atatu wa ku Nguludi. Ntchito yake inali kuima pansi n'kumalozera helikopita ya kampani ikamabwera ndi katundu wolendewera pa chingwe. Lachiwiri limenelo, cha m'ma hafu teni, helikopitayo inamasula katundu ikadali m'mwamba, iye ali pansi pake.

Munthu wa chipewa choyera, malaya osita bwino, anabwera kudzamulonjera.

"Geoffrey Nankhuni, ndine kapitawo wa pano. Madamu, nkhaniyi isakutayitseni nthawi. Ndi yomvetsa chisoni, koma siyovuta."

"Munalipo?"

"Ayi, mwatsoka. Wantchito wathu wina, Francisko, anadzicheka dzanja m'mawa, ndiye ndinathamangira naye ku chipatala cha Nguludi. Tinalowa naini koloko, tatuluka hafu leveni. Mukafunse konko, analemba."

"Anzake a malemuwa anali kuti?"

"Pa nsanja ya kumunsi uko. Kuno anali yekha, poti ulendo woyamba ndi wongotula katundu basi." Geoffrey anatsitsa mawu. "Ndalankhulapo kangapo za a Kaputeni Nazombe, amene amayendetsa helikopitayi. Munthu wakula, maso achepa, koma safuna kuuzidwa. Ngowe ya ndege yokolekapo katundu simasuka yokha, madamu. Pali batani pa chiwongolero, ndipo chala chimene chimafika pamenepo ndi chawo chokha."

Konsitabulo Makwinja, bambo wachikulire amene ankayendetsa Landirova ya polisi, anabwera ndi zinthu zimene anazipeza pa thupi la Rafaeli: kolona, mpeni wopinda, ndi wailesi ya m'manja, ija anthu amati ovaova.

"Zoterezi muli nazo zingati?" Phoebe anafunsa.

"Zitatu. Ya Rafaeli, ya makaniko wathu Lloyd ku bwalo kumene ndege imanyamulira katundu, ndi yanga. Yanga ndinaisiya mu ofesi. Ku Nguludi siifika, phiri limatchinga."

Phoebe anaitembenuza wailesiyo m'manja. Sinasweke paliponse. Chotsegulira chake chinali potsegula, koma kagetsi kake sikankayaka. Anaiika kukhutu, sinatulutse ngakhale phokoso.

Anayang'ana pansi. Nsapato zake zinali zitamira mu fumbi lofiira, losalala ngati ufa.

* * *

Helikopita inali itaima pakati pa bwalo la mpira, mapiko ake atawerama. Lloyd, makaniko, anakhala pa mgolo wa mafuta, akupukuta m'manja ndi chiguduli ngakhale kuti m'manjamo munalibe chopukuta.

"Ngowe ilibe vuto," anatero asanafunsidwe. "Ndinaiyesa katatu m'mawa. Katatu."

"A Kaputeni atatera ananena chiyani?"

"Sanatuluke. Anazimitsa injini, anangokhala. Nditatsegula chitseko anati, 'Ndapha Rafaeli.' Basi. Mpaka anzanu kudzawatenga, sanalankhulenso ndi munthu."

"Ndi munthu aliyense? Ngakhale a kapitawo?"

"A Nankhuni anafika a Kaputeni atapita kale."

"Inu munali ndi wailesi. Munamva chiyani?"

"Mbali imodzi yokha. Kuno timamva ndege, poti ili m'mwamba. Wa pansi ku Namikate sitimumva, pali chitunda pakati. Ndinamva a Kaputeni akuti, 'Rafaeli, sindikuona pansi, fumbi lachuluka.' Kenako, 'Bwereza!' Kenako, 'Ndataya.' Zimene ankauzidwa, ine sindikuzidziwa."

"Fumbi limachuluka chonchi masiku onse?"

Lloyd anapukusa mutu. "Timathira madzi. Thirakitala imakwera ndi thanki m'mawa uliwonse. Lero inatumizidwa kwina."

"Anaitumiza ndani?"

"Amene amatuma ndi mmodzi pano."

Phoebe anamupatsa wailesi ya Rafaeli. Lloyd anatsegula kumbuyo, n'kutulutsa batire. Analiyang'ana nthawi yaitali, ndipo chiguduli chija chinagwa pansi.

"Ili si la lero."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndikatchaja batire ndimamata katepi koyera, ndimalembapo tsiku. Onani: Lolemba. Ili linagwira ntchito dzulo tsiku lonse. Likhoza kuyaka m'mawa, kumupusitsa munthu, koma silingafike naini koloko." Anamupatsa Phoebe batirelo. "Ine ndinatchaja atatu, achemwali. Ndinawasiya mu ofesi, pa tebulo. Amene amagawa mawailesi si ine."

* * *

A Kaputeni Augustine Nazombe anali atakhala pa benchi m'kachipinda kofunsira mafunso ku polisi, msana uli chilili monga mwa asilikali. Anayendetsa ndege za asilikali zaka makumi awiri asanapume n'kulowa kampaniyi. Tiyi amene anawapatsa masana anali atazizira pambali pawo.

"Lembani kuti ndine," anatero. "Chala ndi changa."

"Ndilemba. Koma yambani mwandiuza mmene mumagwirira ntchito ndi malemu."

"Katundu amalendewera pansi panga, kutalika ngati mitengo iwiri ya bulugamu. Ndimasuzumira pa windo kuti ndimuone. Koma pakakhala fumbi, maso anga ndi munthu wa pansi. Akati kumanzere, ndipita kumanzere. Akati ima, ndiima. Ndi Rafaeli tagwira zaka zinayi. Lamulo lathu linali limodzi: ndikamuitana pa wailesi osayankha, sindibwera."

"Lero anayankha?"

"Anayankha. Ndili chapatali ndinati, 'Rafaeli, ukundimva?' Anati, 'Ndikukumvani, bwerani.' Nditafika pamwamba pa kaphiri, fumbi linadzuka lonse, pansi panangoti bii. Ndinafuna kubwerera. Iye anati, 'Muli bwino, kumanzere pang'ono. Pang'ononso. Kutsogolo.' Ndinadabwa, chifukwa tinali titapitirira pamene tinagwirizana. Koma ndinatsatira."

"Kenako?"

"Kenako anakuwa. 'Chakodwa pa waya! Tayani! Pansi palibe munthu, tayani!'" A Kaputeni anayang'ana chala chawo chachikulu. "Katundu akakodwa, mayi, ndege imakokedwa pansi ngati mbuzi ya pa chingwe. Sumakhala ndi nthawi yoganiza. Ndinati abwereze, anabwereza. Ndinadina. Nditakwera m'mwamba fumbi n'kutsika, ndinaona kuti panalibe waya aliyense pafupi. Ndinangoona jekete lachikasu pansi pa zitsulo."

"Mawu amenewa mwauzapo ndani?"

"Inu ndinu oyamba. Ndani angakhulupirire kuti munthu anadziitanira chitsulo pamutu?"

"Musauze wina aliyense, ngakhale loya wa kampani akabwera. Mukutsimikiza kuti anali mawu a Rafaeli?"

"M'ndege muli phokoso. Wailesi imaphwanya mawu, aliyense amamveka ngati akulankhulira m'chitini. Koma pa kaphiri paja panali iye yekha."

Phoebe anaika batire lija pa tebulo.

"A Kaputeni, wailesi ya Rafaeli inafa naini koloko isanakwane."

Bamboyo anayang'ana batirelo, kenako anayang'ana Phoebe. Msana uja unayamba kuwerama pang'onopang'ono.

"Ndiye ndimalankhula ndi ndani?"

* * *

Lachitatu m'mawa Phoebe anazungulira kaphiri kaja wapansi, kufunafuna malo amene munthu angaime n'kuona pamwamba pake bwinobwino. Anawapeza kuseri: chimwala chachikulu pamwamba pa munda wa nandolo. M'mundamo munali mayi wina akuthyola, lichero lili pambali.

"Ine ndi Selestina, mundawu ndi wanga, ndipo mwachita bwino kubwera," anayamba mayiyo asanamalize n'kulonjerana komwe. "Chindege chimenechi chandiyoyolera nandolo sabata zitatu. Ndikadandaule kwa ndani? Koma za dzulo, iii, achemwali, sindinadye."

"Munaona chiyani?"

"Zonse! Ndinali apa pomwe. Bambo wa jekete lachikasu uja, a Muhiwa, timapemphera limodzi ku Nguludi, anali atakhala pa mwala, akumenyamenya kawailesi kawo pa bondo. Atamva chindege chikubwera anadzidzimuka, ngati sankachiyembekezera. Anathamangira pakati, manja m'mwamba, akupingasa chonchi, chonchi. Ngakhale ine wosaphunzira ndinamva kuti akuti bwererani."

"Sichinabwerere?"

"Chibwerere kuti? Fumbi linadzuka, koma kuchokera kuno m'mbali ndinkawaonabe, jekete lija limawala. Anathawira uku, chinawatsatira. Anakhotera uku, chinawatsatiranso. Ngati kabawi pa mwanapiye! Mpaka anafika pa thanthwe paja, pamene palibe kolowera. Ndiye ndinangomva dziko lagwedezeka."

"Kuno kunali munthu wina?"

Selestina anasiya kuthyola. Anayang'ana chimwala chija, kenako anayandikira.

"Kumaso sindinamuone, ndisaname. Koma nditasiya kukuwa ndinamva chitseko cha galimoto, phwa! kuseri kwa mango awo. Galimoto yoyera, ya a magetsi omwewa. Ndinati ikuthamangira kukathandiza. Ayi ndithu. Inalowera uko, njira ya ku Nguludi."

Pansi pa mitengo ya mango panali mapazi a matayala, atakhota mwaliwiro. Phoebe anakwera pa chimwala. Kuchokera pamenepo, mtolo wa zitsulo unkaoneka ngati uli m'manja.

"Mayi, zimene mwandiuzazi mwauza ndani?"

"Dzulo madzulo kunabwera bambo wa chipewa choyera, waulemu wake, kudzafunsa ngati nandolo wanga anaonongeka. Anafunsanso ngati ndinali m'munda m'mawa."

"Munati chiyani?"

"Mtima unandiletsa. Ndinati ndinali ku chigayo."

"Tengani lichero lanu," anatero Phoebe. "Lero simutsala kuno nokha."

* * *

Anamusiya Selestina kwa mchemwali wake ku Nguludi. Pa geti la chipatala, mlonda anakumbukira bwino: galimoto yoyera inalowa naini koloko ndi munthu wovulala dzanja, inatulukanso posakhalitsa ili ndi dalaivala yekha, n'kubwerera cha m'ma leveni. Kuchokera pa getipo kukafika ku mango a Selestina, Makwinja anayenda mphindi makumi awiri ndi zisanu osathamanga.

Kunyumba ya maliro amayi anali akuimba nyimbo za Chikatolika motsitsa. Helena, mkazi wa Rafaeli, anapempha kuti alankhule ndi wapolisiyo kuchipinda, awiri okha. Mawu ake anali atasasa.

"Mawa Lachinayi amayenera kupita ku Blantyre, ku ofesi ya leba, yoona za apantchito. Malaya ndinawachapira kale."

"Kukatani?"

"Mu Juni kunafa munthu ku ntchito kwawo, dzina lake Chikhulupiriro, anagwa pa nsanja. A kampani analemba kuti anavula yekha lamba wodzitetezera. Si zoona. Tsiku limenelo kunali mphepo, amuna anga anali ataimitsa ntchito, ndege itabwerera. A kapitawo anakalipa kuti masiku akutha, n'kumukweza munthuyo ndi lamba woduka chingwe. Amuna anga anaona. Anauzidwa kuti akatsegula pakamwa, kampani itsekedwa, anthu makumi asanu akhala pakhomo. Anasunga miyezi itatu. Sankagona, sankadya bwino. Sabata yatha anakalapa kwa abambo ansembe, atabwerako anati, 'Helena, ndikanena.'"

"Anauzapo wina kuti akupita?"

Helena anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndinawaletsa. Ndinati pitani mwakachetechete. Anati munthu sumuneneza kumbali, umayamba wamuuza pamaso. Loweruka anakawauza a Nankhuni mu ofesi mwawo."

"A Nankhuni anati chiyani?"

"Akuti anaseka, n'kuwagwira dzanja. Anati, 'Wachita bwino kundiuza, achimwene.'"

* * *

Ofesi ya kampani inali chikontena chachitsulo m'mphepete mwa bwalo la mpira. Dzuwa la masana linali litachitenthetsa ngati uvuni. Geoffrey Nankhuni anali akulemba lipoti, wailesi yake ili pa tebulo, ndipo anaimirira mwaulemu Phoebe atalowa. Makwinja anatsalira pakhomo.

"Ndangobwera kudzatseka nkhani," anatero Phoebe, akudzigwetsa pa mpando ngati munthu wotopa. "A Kaputeni avomera kuti anadina batani."

"Ndinanena ine. Zachisoni, koma chilungamo chioneke."

"Kungoti akuvuta pang'ono. Akuti si kulakwa kwawo, anauzidwa pa wailesi. Ine za ndege sindizidziwa, ndiye ndati ndifunse inu akatswiri. Munthu wa pansi akalankhula, woyendetsa amangomvera?"

Geoffrey anamwetulira, n'kutsamira kumbuyo.

"Apo ndiye pamene akufuna kukupusitsani, madamu. Woyendetsa ndiye mwini ndege. Ali ndi geji yomuonetsa kulemera kwa katundu, ali ndi windo. Ngakhale wina akuwe kuti chakodwa pa waya, iwe umayamba waona kaye. Waya wake uti pa kaphiri paja? Sitinakokepo ngakhale umodzi."

Phoebe anatsegula kabuku kake, n'kuwerenga tsamba lina mosafulumira.

"Ndani wanena za waya, a Nankhuni?"

"Inuyo. Mwati anauzidwa pa wailesi."

"Ndati anauzidwa. Sindinanene chimene anauzidwa."

M'chikontenamo munangomveka kulira kwa malata akutentha. Geoffrey anatola cholembera, n'kuchiikanso pansi.

"Ndiye ndi Lloyd. Lloyd anali ndi wailesi, anandiuza."

"Lloyd amamva ndege yokha, wa pansi samumva. A Kaputeni sanauze munthu zimene anamva kufikira atakumana ndi ine. Rafaeli wailesi yake inali yakufa, ndi batire la Lolemba limene munamupatsa inu. Mawu amenewo akuwadziwa anthu atatu: amene anawamva, ine amene ndinawalemba, ndi amene anawakuwa ali pa chimwala, pamwamba pa munda wa nandolo."

"Ine ndinali ku Nguludi."

"Francisko ndiye anali ku Nguludi. Inu mlonda anakutsegulirani geti kanayi."

Kumwetulira kuja kunachoka, ndipo nkhope imene inatsala inali ya munthu wina, wodekha kwambiri. Anayang'ana khomo. Makwinja anali atalidzaza lonse, unyolo uli m'manja.

"Mukudziwa kuti laini imeneyi ikafika, zipatala zingati ziyaka magetsi?" anatero Geoffrey motsitsa. "Munthu mmodzi amafuna kuimitsa zonsezi chifukwa cha ngozi ya mu Juni. Ine ndamanga nsanja handiredi ndi sikisite, madamu. Iye anamanga chiyani? Amangoimika manja."

"Tambasulani anuwo," anatero Phoebe.

Pamene ankatuluka naye, antchito anali ataima m'mbali mwa bwalo, zipewa zili m'manja. Geoffrey anawayang'ana mmodzimmodzi, ngati akuwerenga amene alipo, ndipo ena anaweramitsa mitu.

* * *

A Kaputeni Nazombe anamvetsera zonse osadula mawu. Phoebe atamaliza, anafunsa funso limodzi.

"Geoffrey?"

"Eya."

"Munthu amene ndimamwa naye tiyi m'mawa uliwonse. Mawu ake ndawamva zaka ziwiri, ndipo sindinawazindikire." Anapukusa mutu. "Mukuti ndine womasuka. Koma chala chija ndi changabe."

"Khoti lidzafuna umboni wanu. Pakali pano mukhoza kupita kwanu."

"Musandipititse kwathu. Ndiperekezeni ku Nguludi."

Makwinja anayang'ana Phoebe, ndipo Phoebe anadziwa chimene ankaganiza. Kumaliro kunali abale amene anangomva kuti woyendetsa ndege wapha mwana wawo, ndipo mbiri ya kumangidwa kwa kapitawo inali isanafike kwa onse.

"Kukhoza kuvuta," anatero.

"Ndikudziwa."

Anafika dzuwa litapendeka. Landirova itaima, nyimbo inayamba kuzilala, mzere ndi mzere, mpaka inatheratu. Amuna amene anakhala pansi pa mtengo anatembenuka onse. Mmodzi, mchimwene wake wa Rafaeli, anaimirira, ndipo awiri ena anaimirira naye. A Kaputeni anatsika, anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda kulunjika pakhomo la nyumba, manja ali m'mbali. Phoebe anawatsatira pafupi, maso ake ali pa mulu wa nkhuni umene unali pafupi ndi amuna aja.

"Mukufuna chiyani pano?" anafunsa mchimwene uja, atatseka njira.

A Kaputeni anagwada pa fumbi pomwepo.

Chitseko chinatseguka. Helena anatuluka atagwiriridwa ndi amayi awiri. Anayang'ana Phoebe, ndipo Phoebe anagwedeza mutu kamodzi, kumutsimikizira kuti kapitawo uja wamangidwa. Kenako anayang'ana bambo wogwadayo nthawi yaitali.

"Alamu, apatseni njira," anatero. "Amuna anga ankati pa anthu onse a ku ntchito kuja, amene sanawanamizepo ndi awa. Dzukani, a Kaputeni. Mawa anzawo a ku ntchito ndi amene awanyamule potuluka m'nyumba muno, ndipo inu mudzagwire kutsogolo."